Mlendo wobwera ndi nyumba yake: momwe misasa ya alendo imayendera ku America

Ku hotela mwini malo ndiye amakonza zonse: bedi, zofunda, sopo, madzi osamba, mwina ndi kadzutsa yemwe. Mlendo amangofika ndi chikwama chake. Koma ku America kuli bizinesi ina yaikulu ya alendo imene zinthu zake n'zotembenuka. Mlendo amafika akukoka chipinda chake kumbuyo kwa galimoto, kapena akuyendetsa nyumba yathunthu ya matayala, momwe muli bedi, khitchini, firiji, bafa ndi chimbudzi. Ena amangobwera ndi tenti. Nanga mwini malo ndiye akugulitsa chiyani? Kachigawo ka nthaka, soketi ya magetsi, mpopi wa madzi, potayira zoipa, ndi lonjezo loti usiku kukhala bata. Pa zisanuzi chovuta kukwaniritsa ndi chomalizachi, poti sichili m'manja mwake. Chili m'manja mwa alendo ena amene agona pafupi.

Galimoto zogonamozi kumeneko amazitchula kuti RV, ndipo si za anthu owerengeka ayi. Kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti mabanja oposa 11 miliyoni ali nazo. Chaka chomwecho mafakitale, ambiri mwa iwo a kufupi ndi mzinda wa Elkhart ku Indiana, anatulutsa galimoto zoterezi zoposa 600,000, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo n'kale lonse. Inali nthawi ya Covid-19, anthu akuopa ndege ndi mahotela, ndiye ambiri anaona kuti bola kuyenda ndi chimbudzi chako. Pofika mu 2023 malonda anali atatsika pafupifupi ndi theka, koma zimene zinagulidwa kale zija sizinabwerere kufakitale. Zonsezo zimafuna poima usiku, chonsecho malo oimapo sanachuluke mofulumira ngati galimotozo. Madandaulo ambiri amene alendo ali nawo masiku ano gwero lake ndi lomweli.

Mmodzi mwa anthu amene anaika bizinesiyi pa mzere ndi Dave Drum, wamalonda wa mumzinda wa Billings ku Montana. Mu 1962 ku Seattle kunali chionetsero chachikulu cha mayiko, ndipo mabanja ambirimbiri ankadutsa ku Billings pa galimoto akusowa pogona pabwino. Drum anali ndi malo m'mphepete mwa mtsinje wa Yellowstone. Anamangapo zimbudzi zaukhondo, mabafa a madzi otentha ndi kagolosale, n'kumalipiritsa $1.75 usiku umodzi. Umu ndi momwe inabadwira kampani ya Kampgrounds of America, yodziwika kwambiri kuti KOA, imene lero ili ndi misasa yoposa 500 ku America ndi ku Canada. Yambiri mwa misasayi si ya kampaniyo. Eni ake ndi mabanja kapena amalonda ena amene amalipira kuti agwiritse ntchito dzinalo ndi chikwangwani chake chachikasu, ndipo kampani imatumiza anthu ake kukayendera ngati malowo akusamalidwa moyenera. Chofunika kuona apa n'chakuti Drum sanagulitse kukongola kwa mtsinje. Ku Montana mitsinje yokongola njosayamba. Iye anagulitsa madzi otentha ndi chimbudzi chosanunkha.

Mpaka lero nkhani ikadali yomweyo. Bungwe la eni galimoto zogonamo la Good Sam, limene linayamba mu 1966, limapereka malikisi ku misasa m'magawo atatu, gawo lililonse pa 10: zipangizo zimene zilipo, maonekedwe a malo, ndi ukhondo wa zimbudzi ndi mabafa. Chimbudzi pachokha chatenga gawo limodzi mwa atatu. Wina angadabwe kuti munthu wobwera ndi bafa lakelake akudandauliranji za bafa la eni malo. Chifukwa chake n'chakuti m'galimoto zambiri kathanki kotenthetsera madzi n'ka malita 23 okha, ndipo banja la anthu asanu silingasambe onse osatha. Madzi onse amene agwiritsidwa ntchito amakadzazanso thanki ina pansi pa galimoto, yomwe mwini wake ayenera kukakhuthula yekha. Ndiye m'mawa uliwonse mumaona anthu a galimoto za ndalama zankhaninkhani ali pa mzere ndi matawulo awo paphewa, kudikira bafa la aliyense.

Zimene kumwetulira sikungakonze

Pa malo alionse oimikapo galimoto pamakhala kabokosi ka magetsi pa kamzati. Masoketi ake ndi amitundu iwiri makamaka: ya ma amp 30, imene imapereka mawati 3,600, ndi ya ma amp 50, imene imafika mawati 12,000. Kusiyanako n'kwakukulu ndithu. Galimoto yaikulu ya makina awiri kapena atatu oziziritsa mpweya singakhutire ndi soketi yaing'onoyo. Vuto limabwera poti misasa yambiri inamangidwa zaka makumi angapo zapitazo, pamene anthu ankabwera ndi tingolo ting'onoting'ono tongofuna babu ndi wailesi. Mawaya apansi pa nthaka ndi akale omwewo. Masana a mwezi wa July, dzuwa likuswa mtengo, aliyense amayatsa makina ake nthawi imodzi, mphamvu ya magetsi n'kutsika pamsasa ponse. Magetsi ofooka amatenthetsa makina oziziritsa mpaka kuwaononga. N'chifukwa chake odziwa za maulendowa sangoloweka chingwe chawo pa soketi ya eni. Amayamba alumikiza kachipangizo kawo koyeza magetsi, kamene kamadula kokha zinthu zikapanda kukhala bwino. Ku mpopi nakonso amamangirirako kachitsulo kochepetsa mphamvu ya madzi, kuopa kuti mapayipi a m'galimoto angaphulike.

Chinthu chikapsa, mkangano wake ndi wodziwika: mlendo akuti ndi soketi yanu, ofesi ikuti ndi galimoto yanu. Msasa wabwino umadziwikira apa. Amatumiza munthu ndi mita yake nthawi yomweyo, ayeze mlendo akuona, ndipo ngati soketi ili ndi vuto amusamutsire pena. Koma kuchiza kwenikweni ndi kukumba msasa wonse n'kuika mawaya atsopano, ntchito ya ndalama zambiri imene mlendo sadzaiona n'komwe ikatha. Kunena zoona, gawo lalikulu la kusamalira makasitomala m'bizinesi imeneyi lili pansi pa nthaka. Mtsikana wa ku ofesi akhoza kukhala waulemu chotani, koma sangakweze mphamvu ya magetsi ndi mawu okoma.

Ola loyamba mlendo akafika ndi limene limaumba maganizo ake onse pa malowo. Galimoto zikuluzikulu zimatalika kupitirira mamita 13, zina zikukokanso galimoto yaing'ono kumbuyo, ndipo woyendetsa wakhala pamsewu tsiku lonse. Tsopano ayilowetse chafutambuyo pakati pa mtengo ndi kamzati ka magetsi kaja. Mayi amatsika n'kukaima kumbuyo, manja ali m'mwamba kulozera uku ndi uku, bambo akuyang'ana pagalasi koma osawaona, mawu n'kuyamba kukwera. Oyandikana nawo amakhala atakhazikika kale pa mipando yawo yopinda, chakumwa kumanja, kuonerera zaulere. Misasa yodziwa ntchito imachotsa manyazi amenewa potumiza wantchito pa kagalimoto kakang'ono kuti atsogolere mlendo mpaka pamalo pake, kenako amulondolere polowa. Imadulanso nthambi zolendewera zimene zimakanda denga. Malo amene munthu amangolowa mbali ina n'kudzatulukira ina osabwerera m'mbuyo amakhala okwera mtengo, koma anthu amawalimbirana. Nthaka nayo iyenera kukhala yosapendekeka, osati pofuna tulo tokha: mafiriji ambiri a m'galimotozi, oyendera gasi, amaonongeka akagwira ntchito atapendekeka. Choncho wolandira foni ku ofesi akamafunsa kutalika kwa galimoto, soketi imene ikufunika, ngati ili ndi zipinda zotuluka m'mbali ikaima, ndiponso ngati muli agalu, sakuchedwetsa munthu dala. Funso limodzi likaiwalika, mlendo amafika usiku n'kupeza kuti nyumba yake sikukwana pamalo amene walipira.

Za zoipa zija tisazilambalale, poti alendo eni ake sazilambalala. Pansi pa galimoto pamakhala mathanki awiri, ina ya zochokera kuchimbudzi, ina ya madzi osambira ndi otsukira mbale. Pokhuthula, munthu amavala magolovesi, kulumikiza payipi yofewa ku dzenje la pansi, kutsegula kaye ya kuchimbudzi, kenako ya madzi a sopo kuti atsuke payipiyo. Wosadziwa amasiya thanki ya kuchimbudzi ili chitsegukire poganiza kuti zizingopita zokha. Madzi amapitadi, koma zolimba zimatsala n'kuunjikana mpaka kuuma. M'misasa imene ili ndi potayira pamodzi pokha, Lamlungu m'mawa pamakhala mzere wa galimoto, ndipo mmodzi akataya pambali n'kuthawa, onse obwera pambuyo pake mkwiyo wawo amakautulira ku ofesi.

Woyang'anira amene nayenso ndi mlendo

Tibwerere ku bata lija. M'misasa yambiri ya boma phokoso limaletsedwa kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo majenereta ali ndi maola ake oyatsira. Komabe mukawerenga zimene alendo amalemba pa intaneti, mupeza kuti ambiri sakudandaula za eni malo koma za anzawo: galu wouwa tsiku lonse atatsekeredwa m'galimoto, magetsi owala usiku wonse pamaso pa munthu amene wabwera kudzaona nyenyezi, utsi wa moto wolowa pawindo, ana odutsa pa njinga pakati pa malo a eni. Chomalizachi amachitenga ngati mwano waukulu, monga momwe ife tingaonere munthu wodutsa pakhonde pathu tikudya osanena n'komwe zikomo. Palinso kusamvana kwakale pakati pa a matenti ndi a galimoto zikuluzikulu. Wa tenti khoma lake ndi nsalu, amamva chilichonse. Mnzake watseka zitseko, makina akulira panja, iye ali phee kuonera kanema.

Amene amaima pakati pa anthu onsewa kawirikawiri si wantchito wolembedwa. M'misasa ya boma amakhala anthu odzipereka, ambiri mwa iwo mabanja opuma pa ntchito, amene amapatsidwa malo aulere oimikapo galimoto yawo kwa miyezi ingapo. Iwo pobweza amagwira ntchito maola angapo pa sabata: kulandira alendo, kugulitsa nkhuni, kuwola phulusa, kuona kuti m'zimbudzi muli mapepala. Alibe mphamvu yomanga munthu kapena kumulipiritsa chindapusa. Gulu la anyamata likaledzera pakati pa usiku, agogo a zaka 70 ndi amene amapita ndi tochi kukapempha mwaulemu, ndipo zikakanika amaimbira msilikali wa zachilengedwe amene mwina ali kutali kwambiri. Misasa ya amalonda nayo imadalira anthu oyendayenda amene amasinthanitsa ntchito ndi malo ogona, nthawi zina ndi kamalipiro pamwamba. Ndi ambiri moti kuyambira mu 1987 ali ndi magazini yawoyawo yolengeza ntchito zotere, Workamper News, imene inayambira ku Heber Springs ku Arkansas.

Dongosolo limeneli lili ndi ubwino wake woonekeratu. Wokulandirayo amadziwa kuwawa kolowetsa galimoto chafutambuyo, poti naye anachita zomwezo. Koma lili ndi mbali ina. Munthuyo amagona pamsasa pomwepo, ndiye ola lake lowerukira limangokhala la papepala: mlendo amene soketi yamuvuta 11 koloko usiku amagogoda basi. Ndiponso nyengo ikatha amanyamuka kupita kwina, chaka chamawa n'kubwera ena. Mbiri yabwino imene mwawerenga ya chaka chatha mwina inali ya banja limodzi lakhama limene pano lili ku Arizona. Ine ndimaona kuti eni misasa ambiri amapeputsa nkhani imeneyi. Amaononga ndalama pa dziwe losambira ndi zikwangwani, koma anthu amene agwira mbiri ya malo awo m'manja amawawerengera ngati ongothandiza.

Pena mlendo amakwiya asanafike n'komwe. Malo ambiri a boma lalikulu, la dziko lonse la America, amasungitsidwa pa intaneti kudzera pa Recreation.gov, imene kuyambira mu 2018 imayendetsedwa ndi kampani ya Booz Allen Hamilton m'malo mwa boma. Nthawi zambiri malo amatsegulidwa miyezi isanu ndi umodzi tsiku lisanafike. Ku Yosemite, ku California, misasa yotchuka ya m'chigwa imatsegulidwa pa 15 mwezi uliwonse, 7 koloko m'mawa, ndipo ya nyengo yotentha imatha m'mphindi zowerengeka. Wa intaneti yofulumira ndiponso wa ntchito yomulola kudziwa tchuthi chake miyezi ingapo pasadakhale ndiye amapambana. Kenako pamabwera chinthu chowawa kwambiri. Popeza malo a boma ndi otchipa, ena amasungitsa masiku ambiri mongoyerekeza, n'kusabwera, osadziwitsanso aliyense. Banja limene labwezedwa pachipata poti malo adzaza limaona ndi maso awo malo opanda munthu, ndipo wodzipereka uja ndi amene amalandira mawu onse, chonsecho malamulo samulola kupereka nthawi yomweyo malo amene wina walipira kale. California inafika pokhazikitsa lamulo mu 2023 lokhudza misasa ya boma lake: wolephera kubwera osanena amataya ndalama zimene analipira, ndipo wochita zimenezi katatu pa chaka akhoza kuletsedwa kusungitsanso malo kwa kanthawi.

Amalonda ali ndi njira zawo zokwiyitsira anthu. Ambiri tsopano amasintha mitengo malinga ndi kuchuluka kwa ofuna malo, monga amachitira a ndege, ndipo ena amalipiritsa kandalama kapadera kuti munthu atsimikiziridwe malo enieni amene wasankha pa mapu. Ukapanda kulipira akhoza kukusuntha.

Malamulo ena amaoneka ngati nkhanza chabe, koma ali ndi mutu. Misasa yambiri imakaniza nkhuni zochokera kutali, ndipo mlendo amaganiza kuti akungofuna kumugulitsa zawo. Chifukwa chenicheni ndi tizilombo tofukula mitengo timene timayenda ndi nkhuni, monga kachikumbu kobiriwira kochokera ku Asia kamene kanapezeka ku Michigan mu 2002 n'kupha mitengo mamiliyoni ambiri. Ku Yosemite chakudya chonse, ngakhale mankhwala otsukira mano, chiyenera kutsekeredwa m'bokosi lachitsulo kapena m'kati mwa RV ya makoma olimba chifukwa cha zimbalangondo, ndipo chindapusa chake chikhoza kufika $5,000. Chimbalangondo chikazolowera chakudya cha anthu, nthawi zina mapeto ake chimaphedwa. Palinso nkhani ya madzi. Malo amene alendo amawakonda kwambiri ndi a m'mphepete mwa mtsinje, amenenso ndi oyamba kumira. Pa 11 June 2010 mtsinje wa Little Missouri unasefukira usiku anthu ali m'tulo pamsasa wa Albert Pike ku Arkansas, ndipo anthu 20 anafa. Mu July 2025 madzi a mtsinje wa Guadalupe ku Texas anakokolola galimoto zogonamo m'misasa ya m'mbali mwake, nawonso mbandakucha. Kudziwa amene wagona pati, ndi kukhala ndi njira yodzutsira anthu onse msanga, sizilembedwa kawirikawiri pa ndemanga za alendo, koma ndi ntchito ya mwini msasa kuposa dziwe losambira lija.

Kwathu kuno zinthu zofananako zilipo, ngakhale galimoto zake si zomwezo. M'mbali mwa nyanja, ku Cape Maclear, ku Senga Bay, ku Kande ndi ku Chitimba, kuli malo omangapo matenti kumene kumaima malole onyamula alendo oyenda pakati pa Nairobi ndi Cape Town, komanso anthu a ku South Africa a galimoto za tenti padenga. Nawonso amabwera ndi pogona ndi pophikira pawo, ndipo zimene amafunsa ndi zomwe zija za Drum: madzi otentha, chimbudzi chaukhondo, mthunzi, potchajira foni ndi firiji, ndi mlonda amene sagona.

Mlendo kapena wokhala?

Pali funso limodzi limene likuvutitsa eni misasa ku America kuposa soketi ndi agalu. Si onse ogona m'galimoto amene ali pa tchuthi. Alipo opuma pa ntchito amene nyengo yozizira amathawira ku Florida, ku Texas ndi ku Arizona kwa miyezi ingapo. Alipo anamwino ndi amisiri a mapayipi a mafuta amene amatsata ntchito dera ndi dera. Ndiye alipo ena, ndipo akuchuluka, amene alowa m'galimoto chifukwa lendi ya nyumba yawakanika. Kwa mwini msasa, munthu wolipira pamwezi ndi ndalama yodalirika ngakhale nyengo ya alendo itatha. Koma wa tchuthi amene walipira usiku umodzi mtengo wokwera safuna kuona zovala pachingwe, matayala akutha ndi tenti yong'ambika pa galimoto ya pafupi. Amakalemba pa intaneti kuti malowa ndi ya anthu okhalitsa, ndipo mawu amenewo amathamangitsa alendo ena.

Apa ndi pamene panachokera lamulo limene misasa ina ya amalonda ili nalo, lokana galimoto yopitirira zaka 10. Ambiri salitsata ndendende. Amauza munthu kuti atumize chithunzi cha galimoto yake kaye, ikaoneka yosamalidwa amulola. Eni malo amati akupewa galimoto zodontha mafuta, za mawaya oopsa, ndi zimene zikafa pamalopo mwini wake amangozisiya. Zifukwazo n'zomveka, koma aliyense akudziwa kuti chaka cha galimoto chikuimira thumba la mwini wake. Wa ku ofesi ndi amene amasenza ntchito youza munthu pafoni kuti nyumba yake njakale.

Malamulo a boma nawo amalowererapo. M'nkhalango ndi m'malo ambiri a boma lalikulu munthu saloledwa kupitirira masiku 14 pamalo amodzi. Ku California lamulo limasiyanitsa anthu a m'misasa ya amalonda malinga ndi nthawi imene akhala: wosapitirira masiku 30 ndi mlendo wamba amene akalephera kulipira kumuchotsa sikuvuta, wopitirira masiku 30 amayamba kuonedwa ngati wa lendi, ndipo wokwanitsa miyezi 9 amatetezedwa kwambiri, moti kumuchotsa kumafuna chifukwa chovomerezeka ndi chidziwitso cha nthawi yaitali. Pofuna kupewa zimenezi, misasa ina m'madera osiyanasiyana imauza anthu kuti atuluke masiku 30 asanakwane, akagone kwina usiku umodzi kapena iwiri, kenako abwerere ngati alendo atsopano. Banja la ana a sukulu limamasula mapayipi ndi zingwe zonse mwezi uliwonse, kukazungulira, n'kudzalembetsanso ku ofesi yomweyo kwa munthu yemweyo amene amawadziwa mayina onse.